Mafunso ndi mayankho: zombo za Apollo zimene zili m'mamyuziyamu, chenicheni n'chiti ndipo choyerekezera n'chiti?

Pakati pa 1968 ndi 1972 anthu 24 anafika kufupi ndi mwezi pa maulendo a Apollo a dziko la America, ndipo 12 mwa iwo anaponda pamwezipo. Zida za maulendowa zinamwazikana m'nyumba zosungiramo zinthu zakale zambiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi othandiza kwa amene akufuna kukaziona, komanso kwa aphunzitsi ndi ana asukulu amene akufuna kukonza chionetsero chawo.

Pa zonse zimene zinanyamuka kupita kumwezi, n'chiyani chinabwerera padziko?

Kachigawo kochepa kwambiri. Roketi ya Saturn V, pamodzi ndi chombo chimene inkasenza pamutu, inali yotalika mamita 110.6, ndipo ikadzazidwa mafuta inkalemera matani pafupifupi 2,900. Pa zonsezi chimene chinkabwerera ndi kachipinda kamodzi kokhalamo anthu atatu, kamene a NASA, bungwe la America loona za maulendo a m'mlengalenga, ankakatcha command module. Kamaoneka ngati denga la nkhokwe, kotambalala pansi, kosongoka pamwamba, mamita 3.9 m'mimba mwake, mamita 3.2 msinkhu, ndipo kulemera kwake sikufika matani 6.

Zina zonse zinkatayidwa m'njira. Chigawo choyamba cha roketi chinkayaka mphindi ziwiri ndi theka basi, kenako n'kugwera m'nyanja ya Atlantic. Chachiwiri chinkatsatira. Chachitatu, chimene chinkakankhira chombo panjira ya kumwezi, ankachisiya kuti chizizungulira dzuwa, koma kuyambira pa Apollo 13 ankachigwetsera dala pamwezi kuti makina oyezera zivomezi amene anasiyidwa kumeneko amve kugunda kwake. Chigawo chonyamula mpweya, magetsi ndi injini yobwerera chinkapsa polowa mumpweya wa dziko lino.

Choncho mukamva kuti chombo cha Apollo 11 chili ku Washington, akunena kachipinda aka, dzina lake Columbia, mmene Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins anabwereramo n'kutera m'nyanja ya Pacific pa 24 Julayi 1969.

Ndiye kuti zikuluzikulu zimene timaona pazithunzi za m'myuziyamu ndi zabodza?

Ayi, koma sizofanana zonse. N'kothandiza kuzigawa panayi. Pali zimene zinaulukadi n'kubwerera. Pali zimene zinapangidwa kuti ziuluke koma ulendo wake unalephereka, pakuti maulendo a Apollo 18, 19 ndi 20 anathetsedwa mu 1970 zida zambiri zitapangidwa kale. Pali zoyesera ndi zophunzirira, zopangidwa ndi makampani omwewo nthawi yomweyo kuti azizigwedeza, kuzitentha ndi kuziponya m'madzi. Ndiye pali zifaniziro zopangidwa pambuyo pake kuti anthu aziona, zamatabwa, zachitsulo kapena zapulasitiki.

Pa chikwangwani cha Chingerezi yang'anani mawu awa: flown ndiye kuti chinauluka, test article kapena trainer ndi choyesera kapena chophunzirira, replica ndi chifaniziro. Chifaniziro chilibe vuto. Vuto limakhalapo pamene eni chionetsero achisiya chopanda chikwangwani kuti mlendo aziganiza yekha kuti chinafika kumwezi.

Zipinda zimene zinabwererazo zili kuti?

Columbia ali ku National Air and Space Museum ku Washington, m'chipinda choonetsera chotchedwa Destination Moon chimene chinatsegulidwa mu 2022. Cha Apollo 8, chombo choyamba kuzungulira mwezi muli anthu mu Disembala 1968, chili ku Griffin Museum of Science and Industry ku Chicago. Odyssey wa Apollo 13, uja anabwerera movutikira thanki ya okosijeni itaphulika, ali ku Cosmosphere m'tauni ya Hutchinson ku Kansas. Cha Apollo 14 chili ku Kennedy Space Center ku Florida, cha Apollo 15 ku myuziyamu ya asilikali a ndege ku Dayton, cha Apollo 16 ku Huntsville, ndipo cha Apollo 17 ku Houston.

Kwa amene ali ku Britain ulendo ndi waufupi. Cha Apollo 10, dzina lake Charlie Brown, chili ku Science Museum ku London. Chombo chimenechi chinazungulira mwezi mu Meyi 1969 poyeserera ulendo wa Armstrong, ndipo pobwerera chinathamanga makilomita 39,897 pa ola.

Zambiri mwa izi si za mamyuziyamu amene zikuonetsedwako. Mu 1967 NASA inagwirizana ndi bungwe la Smithsonian kuti ndilo liziyamba kusankha zida zimene ntchito yake yatha, ndipo bungweli ndi limene limabwereketsa kwa ena.

N'chifukwa chiyani zipindazi zimaoneka zofiirira, zotumphuka ngati mphika wapamoto? Sakuzisamala?

Kupsako ndiye chinthu chofunika kuchiona, ndipo osunga amachiteteza dala. Ponyamuka kachipindaka kankakhala konyezimira ngati siliva chifukwa kanali kokutidwa ndi timizere ta pulasitiki yopakidwa aluminiyamu. Pobwerera kankalowa mumpweya pa liwiro la makilomita pafupifupi 11 pa sekondi, kutentha kwa pansi pake n'kupitirira madigiri 2,500.

Chimene chinkateteza anthu m'katimo ndi chishango cha phala lolimba lotchedwa Avcoat. Pansi pa chombo ankamatapo chinthu chooneka ngati chisa cha njuchi, cha timabowo toposa 300,000, ndipo amisiri ankathira phalalo bowo lililonse pamanja. Bowo likapezeka ndi mpweya m'kati ankalikumba n'kuthiranso. Phalali linapangidwa kuti lizipsa ndi kunyenyeka pang'onopang'ono, kuchotsa kutentha pamodzi ndi makala ake. Mukayandikira mumaona timabowo tija, mizere imene moto unadutsa, ndi mabowo ozungulira pamene akatswiri anabowola kuti ayeze kuti phala lapsa mpaka pati.

Kwa zaka zambiri Columbia anali atakutidwa ndi pulasitiki yoonekera yomatirira pathupi pake. Mu 2016, pomujambula mbali zonse ndi makina, anaonanso bwino zimene amuna atatu aja analemba pamakoma a m'kati: manambala, zikumbutso, ndi kalendala yojambula pamanja ya masiku a ulendowo.

Kodi roketi ya Saturn V yeniyeni ilipo?

Zilipo zitatu, zonse zogoneka chammbali, zigawo zake zitatalikitsidwa kuti muone injini za chigawo chilichonse. Ya ku Johnson Space Center ku Houston ndiyo yokhayo imene zigawo zake zonse zinali zoti ziuluke, ngakhale kuti zinachokera ku maroketi osiyana. Ya ku Kennedy ndi yosakaniza, zigawo zina zoyesera, zina zoti ziuluke. Ya ku Huntsville ku Alabama ndi imene ankaigwedeza pansanja poyesa ngati thupi la roketi lingapirire kunjenjemera kwa ponyamuka. Ku Huntsville komweko kuli ina yoimirira panja, yooneka patali, koma imeneyo ndi chifaniziro cha mu 1999. Anthu ambiri amadzijambulitsa ndi chifanizirocho n'kuiwala kuti yeniyeni ili m'nyumba.

Zonse zitatu zinakhalapo panja zaka zambiri, ndipo zinaonongeka. Roketi sinapangidwe kuti ikhalitse. Makoma a mathanki ake ndi aluminiyamu wopyapyala, ndipo paliponse pamene zitsulo ziwiri zosiyana zagundana pali madzi, china chimadyeka. Mvula inkalowa m'mipata n'kudikha m'kati, penti inkasupuka, nkhungu inamera, mbalame ndi tinyama tinamangamo zisa. Ya ku Kennedy inalowetsedwa m'nyumba mu 1996. Ya ku Houston, imene inali panja kuyambira 1977, anachita kuimangira nyumba pomwepo, ntchito yoikonza n'kutha mu 2007. Ya ku Huntsville inaonetsedwa m'nyumba yake yatsopano mu 2008.

Za injini zimene zinaulukadi, zidutswa zake zinavuulidwa pansi pa nyanja ya Atlantic mu 2013, pakuya kopitirira mamita 4,000, ndi gulu lolipiridwa ndi Jeff Bezos. Anazitsuka mchere ku Cosmosphere, ndipo zina zikuonetsedwa ku Museum of Flight ku Seattle, zopindika monga momwe zinagwera.

Nanga chombo chamiyendo inayi chimene chinatera pamwezi?

Palibe ndi chimodzi chomwe mwa zimene zinauluka chimene chinabwerera, pakuti chinalibe chishango cha moto. Theka lapansi, la miyendo, linatsala pamwezi pa maulendo onse asanu ndi limodzi otera. Theka lapamwamba linkabweza anthu awiri kwa mnzawo wozungulira mwezi, kenako n'kutayidwa.

Zimene zili m'mamyuziyamu ndi zimene kampani ya Grumman inapanga koma sizinapite. Zombo zotererazi zinkatchedwa LM, chilichonse ndi nambala yake. LM-2 ili ku Washington, ndipo anaiveka kuti izioneka ngati Eagle ya Apollo 11. LM-9 ili ku Kennedy. LM-13 ili ku Cradle of Aviation Museum pa Long Island, kufupi ndi kumene zombozi zinkapangidwira. Chombo chotere n'chotalika mamita pafupifupi 7, ndipo miyendo ikatambasuka chimatenga mamita 9.4.

Chonyezimira chachikasu chokuta theka lapansi si golide. Ndi pulasitiki yopyapyala yotchedwa Kapton, yamtundu wa uchi, yopakidwa aluminiyamu kumbuyo, yosanjikizidwa kambirimbiri. Makwinya ake ndi adala: akaifinya pamanja, mapepala oyandikana amakhudzana malo ochepa, ndipo kutentha sikudutsa msanga. Wopanga chifaniziro akaisalaza bwinobwino kuti ikongole walakwitsa.

Suti ya Armstrong inasowa pachionetsero zaka zambiri. Chinavuta n'chiyani?

Inachotsedwa mu 2006 n'kubwezedwa pa 16 Julayi 2019, anthu atasonkha madola oposa 700,000 pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama, mu 2015. Suti imeneyi, yosokedwa ndi kampani ya ILC ku Delaware, ili ndi nsalu ndi mapepala 21 osanjikizana, ndipo inapangidwira ntchito ya miyezi yowerengeka. Labala wa m'kati, amene ankasunga mpweya, amauma n'kuyamba kuthetheka ngati chikonga chouma. Timapaipi ta pulasitiki timatulutsa mpweya wa asidi umene umadetsa nsalu ndi kudya zitsulo. Zipi zake zamkuwa zimachita dzimbiri lobiriwira zikakhudzana ndi labala. Kuimiritsa suti pachidole chosayenera kumapangitsa kulemera konse kukokera pamapewa ndi m'misoko.

Kukonza kwake sikunali kuichapa kapena kuisoka mwatsopano. Fumbi la kumwezi limene lili m'mawondo analisiya momwemo. Anaijambula m'kati ndi makina a kuchipatala, n'kuipangira chidole cha muyeso wa thupi la Armstrong chokhala ndi mipata yoti mpweya uziyenda m'kati mwa suti n'kumachotsa asidi uja. Bokosi lake lagalasi ndi lozizira, louma, ndipo kuwala kwake n'kochepa.

Pansi pa nsapato za suti ya Armstrong m'posalala, koma chidindo cha phazi pamwezi chili ndi mizere. Si umboni wachinyengo umenewu?

Si umboni. Poyenda pamwezi ankavala nsapato zina pamwamba pa za sutiyo, zokhala ndi labala wamizere kunsi. Asananyamuke kubwerera, Armstrong ndi Aldrin anaponya panja nsapatozo pamodzi ndi zikwama zakumsana zonyamula mpweya kuti achepetse kulemera, poti anali atasenza miyala yolemera makilogalamu 21.5. Ndiponso chidindo chotchuka chija ndi cha Aldrin. Amene akufuna kuona nsapato zamizerezo aone za Gene Cernan wa Apollo 17, zimene zinabwerera ndipo zili ku Washington.

Miyala ya kumwezi imene imaonetsedwa ndi yeniyeni?

Imene NASA yabwereketsa ndi yeniyeni, ndipo uliwonse uli ndi nambala yake. Maulendo asanu ndi limodzi anabweretsa makilogalamu 382. Yambiri imasungidwa ku Houston m'mabokosi odzazidwa mpweya wa nayitirojeni, chifukwa miyalayi sinakumanepo ndi madzi kapena okosijeni wa kuno, ndipo chitsulo chimene chili m'kati mwake chingayambe dzimbiri. Yoonetsa imatsekeredwa m'galasi kapena kuumbidwa m'kati mwa pulasitiki yoonekera. Pali tizidutswa tochepa tololedwa kukhudza, monga ka ku Washington kochokera ku Apollo 17, kamene zala za anthu zakasalaza mpaka kunyezimira.

Nkhani imavuta pa mphatso. Boma la America la pulezidenti Richard Nixon linapereka kwa mayiko 135 tizidutswa ta Apollo 11, tinayi tating'ono ngati njere za mpunga, pa thabwa lokhala ndi mbendera ya dziko lolandira. Mu 1973 linaperekanso kachidutswa kolemera galamu imodzi ndi pang'ono kochokera ku mwala umodzi wa Apollo 17. Mphatsozi zitaperekedwa NASA sinazilondolozenso. Ya Ireland ya Apollo 11 inatayidwa pamodzi ndi zinyalala moto utabuka pa Dunsink Observatory mu 1977. Ya Honduras inagwidwa ku America mu 1998 munthu akufuna kuigulitsa. Ya Malta inabedwa mu 2004.

Ndiye pali nkhani ya ku Rijksmuseum ku Amsterdam. Kumeneko ankasunga mwala umene unachokera ku katundu wa nduna yaikulu yakale ya dziko la Netherlands, Willem Drees, wolembedwa kuti ndi mphatso ya mu 1969. Atauyeza mu 2009 anapeza kuti ndi mtengo wakalekale umene unasanduka mwala. Kukula kwake kokha kukanawachenjeza, popeza palibe dziko limene linapatsidwa mwala waukulu chotero miyezi yochepa Apollo 11 itangobwerera.

Chipinda cholamulira ulendo ku Houston chidakalipo?

Chilipo, m'nyumba nambala 30 ku Johnson Space Center. Chinakonzedwa n'kutsegulidwanso mu Juni 2019 kuti chizioneka monga chinalili mu Julayi 1969. Matebulo a makina ndi enieni, koma zoonetsera zake anaikamo zamakono zobisika kumbuyo kwa magalasi akale. Okonza anafufuza kapeti, mapepala a pakhoma ndi denga zofanana ndi zakale poyang'ana mafilimu ndi tizidutswa totsala, ndipo anabwezeretsa makapu a khofi, mbale zotayiramo phulusa la fodya ndi mabuku a malangizo. Alendo amaonera kuseri kwa galasi, pamipando imene mabanja a oyenda m'mlengalenga ankakhalapo.

Kodi a Soviet Union analinso ndi chombo chopita kumwezi?

Anali nacho, ndipo anabisa nkhaniyi mpaka 1989. Chombo chawo choterera, LK, chinali cha munthu mmodzi, chotalika mamita asanu ndi pang'ono, ndipo chinalibe njira yam'kati yochokera ku chombo chachikulu: munthuyo akanayenera kutuluka panja m'mlengalenga kuti alowemo. Chinayesedwa katatu chopanda munthu mozungulira dziko mu 1970 ndi 1971, n'kuyenda bwino. Chimene chinakanika ndi roketi ya N1, ya injini 30 pachigawo choyamba, imene inalephera maulendo onse anayi pakati pa 1969 ndi 1972. LK imodzi inabwerekedwa ku Science Museum ku London pa chionetsero cha mu 2015. Chionetsero chokamba za mpikisano wa kumwezi chopanda chithunzi cha LK ndi N1 chasiya theka la nkhani.

Ngozi ya Apollo 1 imaonetsedwa bwanji?

Mosamala kwambiri. Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anafa pa 27 Januwale 1967 moto utabuka m'chombo poyeserera pansi. Chombocho sichionetsedwa, chimasungidwa ku Langley ku Virginia. Mu 2017 ku Kennedy anaonetsa zitseko zake zitatu zokha, pambali pa chitseko chatsopano chimene chinapangidwa ngoziyo itachitika. Chitseko cham'kati chakale chinkatsegukira m'kati, ndipo mpweya utafufuma ndi moto sichikanatheka kukokedwa. Chatsopanocho ndi chimodzi, chotsegukira kunja m'masekondi owerengeka.

Tikufuna kupanga chifaniziro cha Saturn V pasukulu. Tiyambire pati?

Yambirani pa paipi imene mungaipeze, osati pa msinkhu umene mukufuna. Roketiyi inali mamita 10.1 m'mimba mwake. Paipi yapulasitiki yotayira madzi oipa ya mamilimita 110 imakupatsani sikelo ya 1 pa 92, ndipo chifaniziro chonse chimakwana masentimita 120. Muyeso uliwonse wa roketi yeniyeni muzingougawa ndi 92.

Kuyambira pansi, zidutswa zake zili motere. Injini zisanu, imodzi pakati, zinayi mozungulira, iliyonse masentimita 4 kukamwa kwake, zotulukira pansi masentimita 5. Timafanelo kapena makosi a mabotolo apulasitiki amagwira ntchito. Paipi ya 110 yotalika masentimita 68, imene ikuimira chigawo choyamba ndi chachiwiri. Mzere wogawa ziwirizi ukhale pa masentimita 41 kuchokera pansi pa paipi. Khosi lakatoni lotalika masentimita 6, lochepera kuchoka pa 110 kufika pa 75. Paipi ya mamilimita 75 yotalika masentimita 14. Khosi lina la masentimita 9, lochepera kufika pa 40, mmene chombo choterera chinkabisala. Paipi ya mamilimita 40 yotalika masentimita 5. Kadenga kosongoka ka masentimita 3.5. Pamwamba penipeni kansanja ka waya ndi kamtengo, masentimita 10, kamene kanali roketi yothawitsira anthu zinthu zikavuta ponyamuka. Pansi muikenso zipsepse zinayi.

Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi izi. Penti siigwira papaipi yosalala, imasupuka pakatha masabata ochepa, choncho ikwecheni ndi sandipepala n'kuipukuta musanapake. Pakani yoyera kaye, iume tsiku lathunthu, kenako matani tepi yapepala m'malire musanapake yakuda, ndipo tepiyo muichotse penti isanaumiretu kuti isang'ambe m'mphepete. Makosi akatoni amapotoka ngati mwadula mongoyerekeza. Yesani kaye panyuzipepala mpaka m'mphepete mutakumana bwino. Penti yopopera imasungunula pulasitiki yoyera yopepuka ija imabwera m'makatoni a katundu, ndiye musaigwiritse ntchito pa zigawo zimene mudzapopere. Ndipo chinthu chachitali chotere chimagwa mwana akangochikhudza: khomerani ndodo pathabwa lalikulu, ilowe m'kati mwa paipi kufika theka.

Pomaliza dulani kamtengo ka machesi masentimita 2 n'kukaimika pambali. Ameneyo ndi munthu wamkulu pa sikelo yomweyo, ndipo kamtengoka kamaphunzitsa kuposa chikwangwani chilichonse.

Zifaniziro zogula m'bokosi n'zolondola?

Kukula kwake n'kolondola ndithu, koma zina zakale zili ndi zolakwika pamwamba. Ya Airfix ya sikelo ya 1 pa 144 imatalika masentimita pafupifupi 77. Ya Revell ya 1 pa 96 imapitirira mita imodzi. Ya LEGO ya mu 2017 ili ndi zidutswa 1,969 ndipo imatalika mita imodzi. Zimene zinakonzedwa m'zaka za m'ma 1960 zinatengera chombo cha mtundu woyamba, Block I, chimene sichinaulukepo ndi anthu, komanso penti ya roketi yoyesera nsanja ya mu 1966. Pa zombo zimene zinapita kumwezi, chigawo chonyamula mpweya ndi magetsi chinali chamtundu wa aluminiyamu chokhala ndi zigamba zoyera, osati choyera chonse. Musanapake penti, tsegulani chithunzi cha ulendo umene mukufuna kuonetsa n'kutsatira chimenecho, osati chithunzi cha pabokosi.

Pokonza malo oonetsa anthu ali pamwezi, timalakwitsa chiyani?

Kusakaniza maulendo ndiko koyamba. Galimoto ya pamwezi inapita pa Apollo 15, 16 ndi 17 basi, ndiye kuiika pambali pa Armstrong n'kulakwa. Mizere yofiira pamikono ndi m'miyendo ya mtsogoleri wa ulendo kunalibe pa Apollo 11 ndi 12. Inayambika chifukwa pazithunzi kunkavuta kudziwa kuti uyu ndani. Pa Eagle, miyendo itatu inali ndi ndodo zolendewera za mamita 1.7 zodziwitsa kuti nthaka yayandikira, koma mwendo wa makwerero unalibe. Mbendera ikhale ndi ndodo yopingasa pamwamba, pakuti kulibe mphepo yoitambasula. Ya Apollo 11 ndodoyo sinatambasuke yonse, n'chifukwa chake mbendera ili ndi makwinya.

Dothi la kumwezi ndi lotuwa ngati simenti, si loyera kapena lachikasu. Sakanizani simenti wouma ndi phulusa losefa, pakani thabwa guluu wamatabwa wosungunula ndi madzi, n'kuwaza ufawo ndi sefa. Pansi pa injini musakumbe dzenje, zithunzi zimaonetsa kuti fumbi linangoseseka. Kumbuyo kukhale kwakuda bii, kopanda nyenyezi, chifukwa ankatera kuli masana ndipo kuwala kwa nthaka kunkaziphimba pazithunzi. Nyali ikhale imodzi, yowalira chapansi kuchokera m'mbali. Ankasankha kutera dzuwa litangotuluka kumene kuti zithunzithunzi zitalike, maenje ndi miyala zioneke.

Tingaonetse bwanji kutalika kwa ulendowo?

Zithunzi za m'mabuku zimayandikizitsa mwezi kuti ukwane patsamba. Dziko ndi makilomita 12,742 m'mimba mwake, mwezi 3,474, ndipo mtunda wa pakati pake ndi pafupifupi makilomita 384,400, kapena kuti m'mimba mwa dziko kuwirikiza ka 30. Tengani mpira wamiyendo wa masentimita 22 ukhale dziko, lalanje laling'ono la masentimita 6 likhale mwezi, n'kuzitalikitsa mamita 6.6 ndi chingwe. Pa sikelo imeneyi International Space Station, chombo chokhalamo anthu chimene chimazungulira dziko, ili mamilimita 7 okha kuchokera pachikopa cha mpira. Apollo 11 inayenda masiku atatu kuti ithe chingwecho.

Chionetsero chathu tichisunge bwanji kuti chisaonongeke, ndipo pachikwangwani tilembepo chiyani?

Dzuwa la pawindo limasandutsa pulasitiki yoyera kukhala yachikasu, limafewetsa guluu, ndipo limazirazitsa zithunzi m'miyezi yochepa, choncho chiikeni kukhoma kumene dzuwa silifika. Mamyuziyamu amaunikira nsalu ndi mapepala ndi kuwala kochepa kwambiri, pafupifupi ma lux 50 pa muyeso wa kuwala, ndipo nyali za LED n'zabwino chifukwa sizitentha. Nthawi ya dzinja katoni amayamwa chinyezi n'kupinda. Mupakeni vanishi mbali zonse ziwiri, ndipo m'bokosi loonetsera muikemo timapaketi touma tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Musamate ndi phala la ufa kapena la chinangwa, mphemvu zimadya. Thabwa lisagunde pansi kapena khoma la dothi chifukwa cha chiswe. Fumbi muzichotsa ndi burashi yofewa, osati nsalu yonyowa, imene imakola tizidutswa n'kutithyola.

Zithunzi za maulendowa zilipo zambirimbiri pa intaneti patsamba la NASA, ndipo kawirikawiri n'zololedwa kusindikiza pophunzitsa bola mutchule kuti ndi za NASA. A Smithsonian anaikanso pa intaneti zojambula za Columbia za mbali zonse, zoti munthu angazizungulitse pakompyuta kapena kuzipanga ndi makina osindikiza zinthu zogwirika.

Chikwangwani chikhale ndi zinthu zisanu: dzina la chinthucho, ulendo ndi chaka chake, mawu akuti "chifaniziro" olembedwa poonekera, sikelo, ndi kukula kwa chenichenicho m'mamita. Mwachitsanzo: "Saturn V ya Apollo 11, Julayi 1969. Chifaniziro, sikelo 1 pa 92. Yeniyeni inali yotalika mamita 110.6." Zilembo zikhale zazikulu moti munthu awerenge ataima mita imodzi, ndipo chikwangwanicho chikhale pamsinkhu wa maso a mwana wa sitandade 5.